Mwana Wotsiriza pa Mndandanda



Sabata ino ndifuna tilingalire limodzi za tsiku lotsekera sukulu. Tonse tikulidziwa tsikuli. Ana amakhala pansi pabwalo, makolo ali pa mabenchi, ndipo mphunzitsi wa kalasi iliyonse amaimirira ndi pepala m'manja nayamba kuitana maina. Woyamba amamuombera m'manja, amayi akuimba nthungululu, ena nkudzamufupa ndalama. Wachiwiri ndi wachitatu nawonso chimodzimodzi. Pepala likamatsikira kumunsi, m'manja mumanka muzilala. Pomaliza penipeni pamakhala dzina limodzi lomwe aliyense amalidziwa lisanatchulidwe nkomwe, popeza chaka chatha linali pomwepo, dzana linali pomwepo.

M'kalasi mwathu, tili Sitandade 3, dzinalo linali la mnyamata wina wamtali kuposa tonse chifukwa anali atabwereza kawiri. Sinditchula dzina lake. Aphunzitsi akamuimiritsa kuti awerenge, ankayang'ana bukulo ngati akuyang'ana m'chitsime chakuya. Ankayamba phatikizo loyamba, nkuima, nkubwereranso, kenaka nkungolota liwu lina lomwe palibepo. Ife tinkafa ndi phwete. Tidamupatsa dzina loti Mbutuma, ndipo ine ndidali mmodzi mwa omwe ankalikuwa mokweza. Koma Mbutuma yemweyo ndiye ankakonza njinga ya aphunzitsi athu tcheni chikaduka. Pamsika sankasokoneza chenje. Nthano akaimva kamodzi ankaikamba yonse, ndi nyimbo zake zomwe. Adasiya sukulu asanafike Sitandade 5, ndipo palibe amene adamulondola.

Ndakumbukira mnzangayu chifukwa miyezi yapitayi ndakhala ndikuthandiza akatekisi pa maphunziro a ana okonzekera Ukaristia woyamba, ndipo pa benchi lakumbuyo ndapezanso mwana wonga iyeyo. Nkhope ndi ina, koma mantha a m'maso ndi omwewo. Ganizo langa ndi ili: ana otere ambiri si aulesi, sanalodzedwe, ndipo si opanda nzeru. Ali ndi vuto la kuphunzira lomwe lili ndi dzina, lili ndi chiyambi, ndipo likhoza kupepuzidwa. Chomwe chimawachotsa pasukulu kawirikawiri si vutolo ayi, koma kuseka kwathu, chikwapu chathu ndi kutaya mtima kwathu.

Tiyambe ndi kusiyanitsa zinthu, pakuti mawu oti "wogona m'kalasi" timaunjikiramo ana osiyanasiyana. Pali mwana yemwe nzeru zake nzabwinobwino koma ubongo wake umavutika kulumikiza chilembo ndi liwu lake. Vutoli madokotala amalitcha dyslexia. Mwana wotere amamva bwino nkhani, amayankha bwino pakamwa, koma kuwerenga ndi kulemba kumamulemera ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi. Pali wina yemwe amawerenga bwino koma manambala samukhala m'mutu, ndipo satha kuona msanga kuti 8 ndi wamkulu kuposa 5. Ilo amalitcha dyscalculia. Pali wina yemwe sakhazikika, maganizo ake amauluka ngati gulugufe, ndipo amayamba ntchito zitatu osamaliza ngakhale imodzi. Palinso mwana yemwe amachedwa pa zonse, kuyankhula, kuvala, kumvetsa, chifukwa cha ulumali wa m'nzeru. Aliyense mwa anawa afunika chithandizo chakechake. Kuwapatsa onse mankhwala amodzi, omwe ndi kubwereza kalasi, kuli ngati kumwetsa panado munthu wothyoka mwendo.

Izi si nzeru za dzulo. M'chaka cha 1887 dokotala wa maso wa ku Germany, Rudolf Berlin, ndiye adayamba kugwiritsa ntchito liwu loti dyslexia. M'chaka cha 1896 dokotala wina wa ku England, Pringle Morgan, adalemba za mnyamata wa zaka 14 yemwe anali wochenjera, wodziwa masamu ndi masewera, koma wolephera kuwerenga ngakhale mawu afupiafupi. Mphunzitsi wa mnyamatayo adavomera kuti akadakhala kuti maphunziro onse ndi a pakamwa, iyeyo ndiye akadakhala patsogolo pa anzake onse. Nditamva nkhani imeneyi mtima udandipweteka, pakuti ndidazindikira kuti dokotalayo ankafotokoza za Mbutuma wathu zaka zoposa 100 ife tisanayambe kumuseka. Lero zikudziwika kuti vutoli limayenda m'magazi, moti mukafufuza bwino mupeza kuti bambo, malume kapena agogo a mwanayo nawonso sukulu idawakanika mwa njira yomweyo. Zikudziwikanso kuti si vuto la maso, ndipo silitha lokha mwana akamakula. Chomwe chimathandiza ndi kuphunzitsa mwa dongosolo, pang'onopang'ono, mobwerezabwereza, ndiponso kuyamba msanga. Akulu adati kuongola mtengo mpoyamba.

Kuno kwathu pali zifukwa zina zomwe sitiyenera kuziiwala. Malungo a mu ubongo ndi chimodzi. Kafukufuku yemwe adachitika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre adaonetsa kuti ana ena opulumuka ku matendawa amatsala ndi khunyu, kapena kusintha kwa khalidwe, kapena kuchedwa kuphunzira. Mwana adachira, tidathokoza Mulungu, koma patapita zaka zitatu tikumukalipira kuti ngwaulesi, osakumbukira kuti adakomoka masiku angapo ali wakhanda. Kunyentchera ndi chifukwa china. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo kupinimbira sikugwira msinkhu wokha, kumagwiranso ubongo. Pali kubanika pobadwa, pali kusowa kwa mchere wa ayodini m'thupi la mayi woyembekezera, paliponso mowa womwe mayi amamwa ali ndi pakati.

Tisaiwalenso kuti ana ena alibe vuto lililonse mu ubongo. Wina samva bwino chifukwa khutu lakhala likutuluka mafinya kuyambira ali wamng'ono. Wina saona pa bolodi. Wina amabwera m'mimba muli pululu. Wina amajomba masiku awiri pa sabata kukalima ganyu kapena kulera mng'ono wake. Wina ali ndi mtundu wa khunyu womwe sugwetsa munthu pansi, umangomuzimitsa kwa kamphindi ngati nyali, ndipo aphunzitsi amayesa akulota masana. Nchifukwa chake sitepe yoyamba si kukalipa, koma kupita naye mwanayo kuchipatala kuti akamuone maso, makutu ndi thupi lonse.

M'malo mwa zimenezi, ife timathamangira kuti? Timathamangira kuloza chala. Ati agogo ake adamutsekera nzeru. Ati bambo ake adamukhwimira kuti golosale iyende. Ati mayi ake adachimwa ali ndi pakati. Mabanja apasuka chifukwa cha mabodza amenewa, nkhalamba zosalakwa zatukwanidwa, ndipo ndalama zomwe zikadagula makope ndi chakudya zathera kwa asing'anga. Choipitsitsa nchakuti mwanayo amamva zonsezi. Amakula akudziwa kuti iye ndi mlandu wa pabanja. Mkhristu amene amapemphera Lamulungu koma Lolemba nkumanong'oneza kuti mwana wa mnzake ndi ndondocha, adzifunse bwino za chikhristu chake.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu, makamaka aphunzitsi omwe timapemphera nawo, mukuti: "Zonsezi nzabwino, koma iwe sudaimepo kutsogolo kwa ana 120." Ndikuvomera, ndipo sindikulemba kuti ndikuweruzeni. Pomwe maphunziro a pulayimale aulere adayamba m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ana m'sukulu chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'kanthawi kochepa, ndipo kuyambira pamenepo zipinda ndi aphunzitsi akhala akuperewera. Mphunzitsi wa ana ochuluka chotero sangakhale ndi mwana aliyense payekha. Koma pali zinthu zomwe sizifuna ndalama kapena nthawi yambiri. Kumukhazika kutsogolo mwana wovutikayo sikufuna ndalama. Kusiya kumuimiritsa kuti awerenge pamaso pa anzake, koma kumumvetsera payekha mphindi zisanu pa nthawi yopuma, sikufuna ndalama. Kumupatsa masamu asanu m'malo mwa makumi awiri, kumufunsa mafunso ena pakamwa, kumuphatikiza ndi mnzake woleza mtima, kulankhula malangizo amodzi pa nthawi imodzi, zonsezi nzotheka ngakhale pansi pa mtengo. Ndipo kuletsa maina onyoza m'kalasi ndi udindo womwe mphunzitsi aliyense angaukwanitse lero lomwe.

Ena mukuti: "Ife chikwapu ndicho chidatiphunzitsa, mukufuna kulera ulesi." Ulesi ulipo ndithu, ndipo mwana wovutika kuphunzira nayenso ayenera kudzudzulidwa akalakwa, ayenera kugwira ntchito zapakhomo ngati anzake. Koma taganizani. Chikwapu chikhoza kudzutsa mwana yemwe angathe koma sakufuna. Nanga yemwe akufuna koma sakutha, chimuphunzitsa chiyani? Chimuphunzitsa kuti buku ndi mdani, sukulu ndi malo a ululu, ndipo njira yabwino ndi kubisala m'chimanga mpaka anzake aweruke. Ife omwe timati chikwapu chidatithandiza ndife omwe tidatsala m'kalasi. Omwe chidawathamangitsa sitiwafunsa maganizo awo.

Enanso mukuti: "Ana oterewa apite ku sukulu zawo." Zoona, pali ana ena omwe afunika chisamaliro chapadera kwambiri. Koma sukulu zoterozo nzochepa ndipo zili kutali ndi midzi yambiri, moti kunena kuti apite kwawo nthawi zambiri kumatanthauza kuti akhale pakhomo. Maiko 92 omwe adakumana ku Salamanca m'dziko la Spain m'chaka cha 1994 adagwirizana kuti sukulu wamba zizilandira ana onse ndipo zizisintha kaphunzitsidwe kuti kagwirizane ndi mwana. Dziko la Malawi lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala m'chaka cha 2009. Lidakhazikitsa lamulo la anthu olumala m'chaka cha 2012, lomwe lidalowedwa m'malo ndi lina m'chaka cha 2024. Choncho kholo lomwe likupempha kuti mwana wake athandizidwe pasukulu silikupempha chifundo. Likukumbutsa za ufulu womwe udalembedwa kale.

Ife Akatolika tili ndi chifukwa chapadera chochitira manyazi tikagona pa nkhaniyi. Ku Nguludi m'boma la Chiradzulu kuli koleji ya Montfort, yomwe idayambitsidwa ndi Abulazala a chipani cha FIC, ndipo yakhala ikusula aphunzitsi a ana osaona, a ana osamva, ndi a ana ovutika kuphunzira. Aphunzitsi ochokera kumeneko amapezeka m'sukulu zina zomwe zili ndi chipinda chapadera chothandiziramo ana otere, ndipo ena amayendera sukulu zingapo. Ngochepa, koma alipo. Kholo lifunse kwa aphunzitsi aakulu, kapena kwa mlangizi wa maphunziro wa m'dera, kuti mphunzitsi wotere ali pafupi ndi uti. Liliponso bungwe la makolo a ana olumala la PODCAM, ndi bungwe la FEDOMA lomwe limasonkhanitsa mabungwe a anthu olumala. Safunsa adadya phula.

Tsopano tibwere pakhomo, pakuti mwana amakhala kusukulu maola ochepa chabe. Amayi ndi abambo, musadikire kuti mukhale ophunzira kuti muthandize mwana wanu. Choyamba, mukhulupirireni akanena kuti zikumuvuta. Chachiwiri, pitani kusukulu teremu isanathe, osati tsiku lotsekera lokha, ndipo mukafunse modekha kuti vuto lenileni lili pati: kodi ndi maliwu a malembo, maphatikizo, kulemba, kapena manambala? Chachitatu, patulani mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu tsiku lililonse, pa nthawi imodzimodzi, dzuwa lisanalowe. Kanthawi kochepa tsiku ndi tsiku kamaposa maola atatu a misozi Loweruka. Mwanayo alembe chilembo pa mchenga ndi chala uku akutchula liwu lake. Aumbe malembo ndi dothi. Aombe m'manja pa phatikizo lililonse la dzina lake. Awerengetse nyemba, timitengo kapena zitsekerero za mabotolo. Chinthu chikalowera m'maso, m'makutu ndi m'manja nthawi imodzi chimakhazikika bwino. Chichewa chathu chili ndi mwayi woti chimalembedwa monga momwe chimatchulidwira, choncho mwana akagwira bwino a, e, i, o, u ndi maphatikizo ake, maziko aikidwa. Chingerezi sichitero, ndipo nchifukwa chake ana ena omwe ankakwawa bwinobwino m'makalasi oyamba amagwa akafika pomwe maphunziro ambiri ali m'Chingerezi. Pamenepo mpofunika kuleza mtima kwina. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Chachinayi, ndipo ichi ndicho chachikulu, musamuyerekeze ndi abale ake. Mawu oti "taona mng'ono wako wakupitirira" amabaya kuposa mkondo, ndipo amadanitsa ana a mimba imodzi. Funani chomwe mwanayo amatha, kaya ndi kuimba, kuweta nkhunda, kuumba, kukonza wailesi, kusamala dimba, ndipo mumuyamikire pamaso pa anthu. Mwana yemwe akudziwa kuti pali china chomwe amachita bwino amapeza mphamvu yolimbana ndi chomwe chikumukanika. Atsikana tiwayang'anire mwapadera. Mtsikana wovutika kuphunzira kawirikawiri sasokosa, amangokhala duu kumbuyo, ndipo akalephera kawiri anthu amayamba kunena kuti kuli bwino angokwatiwa. Wolumala m'nzeru ndiye amakhala pa chiopsezo chachikulu cha anthu ankhanza omwe amadziwa kuti sadzatha kufotokoza bwino zomwe zamuchitikira. Kumusunga pasukulu ndi kumutchinjiriza.

Tisamalize osayang'ana m'nyumba yathu yomwe. M'makalasi athu a katekisimu timayesa ana ndi kuloweza. Woloweza mapemphero ndi mayankho onse amapita ku Ukaristia, wolephera amabwerera chaka chamawa. Kodi pamenepa sitikumanganso mndandanda uja wa tsiku lotsekera sukulu pakhomo la tchalitchi? M'chaka cha 1910 Papa Pius X adalamula kuti ana asachedwetsedwe kulandira Ukaristia, ndipo adafotokoza kuti sikofunika kuti mwana adziwe chiphunzitso chonse mwangwiro, koma kuti amvetse monga mwa msinkhu wake ndipo athe kusiyanitsa Mkate wa Ukaristia ndi mkate wamba. Sindikunena kuti katekisimu ngwachabe, kapena kuti aliyense azidzigamulira yekha. Ndikupempha kuti akatekisi, makolo ndi a Bambo Mfumu azikhala pansi pa za mwana wotere, nkumufunsa pakamwa ndi mawu apafupi, ndi zithunzi, ndi nyimbo, m'malo mongomubweza chaka ndi chaka mpaka atatopa.

Kumbukirani Yohane Maria Vianney Woyera wa ku France. Sitinganene kuti anali ndi vuto lakutilakuti, popeza adayambanso sukulu mochedwa, koma mbiri yake ikuti Chilatini chidamukanika kotero kuti adabwezedwa ku seminale ya ku Lyon. Wansembe mmodzi, Bambo Balley, adakana kumutaya. Adamutenga nkumamuphunzitsa payekha mpaka adadzozedwa unsembe m'chaka cha 1815. Munthu ameneyo, yemwe adatsala pang'ono kutayidwa chifukwa cha mayeso, ndiye adasandutsa kamudzi ka Ars kukhala malo omwe anthu zikwizikwi ankapitako kukalapa, ndipo lero ndi nkhoswe ya ansembe a m'maparishi. Ife timakonda kukamba za Vianney. Sabata ino ndikufuna tikambe za Balley, pakuti popanda kuleza mtima kwa munthu mmodziyo Mpingo ukadataya mphatso yaikulu osadziwa nkomwe kuti wataya kanthu.

Achinyamata anzanga, ntchito ya Balley ndi yomwe ife tingaithe. Ambiri mwa ife tidamaliza Folomu 4 ndipo masana timangokhala. M'mphakati uliwonse muli mwana mmodzi kapena awiri omwe aliyense amadziwa kuti sukulu ikuwakanika. Bwanji aliyense wa ife atatenga mwana mmodzi, makolo ake atavomera, nkumakhala naye pakhonde poonekera kawiri pa sabata? Bwanji pa msonkhano wathu ukubwerawu titapempha mphunzitsi wodziwa za ana otere kuti adzatiphunzitse njira zoyenera, kuti tisaononge pofuna kukonza? Bwanji ife omwe timayang'anira ana a Tilitonse titagwirizana kuti dzina lonyoza lisamvekenso pabwalo la tchalitchi? Sitidzachiritsa dyslexia, ndipo tisalonjeze makolo kuti mwana wawo adzakhala nambala wani. Ena adzangofika potha kuwerenga kalata, chikwangwani cha basi ndi malangizo a pa botolo la mankhwala. Zimenezo si zochepa. Ndi kusiyana kwa munthu wodziimira payekha ndi munthu wosainitsidwa chikalata chogulitsa munda wake asakudziwa.

Mnzanga uja ndidakumana naye chaka chatha pa depoti ya basi. Ali ndi malo ake okonzera njinga zamoto, ali ndi anyamata awiri omwe akuwaphunzitsa ntchito. Adandizindikira msanga, ndipo adandilonjera ndi chimwemwe chomwe sichidandiyenere. Tikucheza, foni yake idalira ndi uthenga. Adaiyang'ana kanthawi, kenaka nkundipatsira, nati: "Achimwene, tandiwerengereni, maso angawa." Ndidadziwa kuti si maso. Ndidamuwerengera, ndipo ndidalephera kumupepesa chifukwa mawu adandithera pakhosi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, adatero makolo. Ife tidali ana, sitinkadziwa. Lero tikudziwa.

Lamulungu likubwerali, poyamba Misa, tikamavomera kuti tachimwa ndi zomwe tidachita ndi zomwe tidalephera kuchita, aliyense akumbukire dzina limodzi la pansi pa mndandanda. Ndipo Lolemba apite akagogode pakhomo pa mwanayo.